Phunziro 12: Chakudya cha Mayi Woyembekezera, cha Kumunda ndi cha Kusitolo

Mwana sayamba kudya tsiku limene wabadwa. Amayamba kudya akali m'mimba mwa mayi wake. Chimene mayi wadya chimalowa m'magazi, ndipo magaziwo amapereka chakudya kwa mwana kudzera mu mchombo. Mayi akadya zabwino, mwana amakula bwino. Mayi akadya zoipa, zina mwa zoipazo zimamfikanso mwana. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mlimi amasamala mbewu ikangomera. Nafenso tisamale mwana asanabadwe.

M'phunziro lino tiwerenga zinthu zisanu: zakudya za m'minda yathu, mankhwala opopera mbewu, zakudya zoonongeka, zothira m'zakudya za kusitolo, ndi thandizo la kusikelo. Phunziroli si la amayi okha. Abambo ndi agogo alimvetsenso, pakuti ndiwo amene nthawi zambiri amasunga ndalama, amapopera mbewu ndi kulangiza mayi zoti adye.

Gawo 1. Chuma chili m'munda mwathu

Lichinga ali pamtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Kuno kumazizira ndipo mvula imagwa yokwanira. Timalima chimanga, nyemba, kachewere, mbatata, mtedza, soya ndi masamba. Kuchokera ku Metangula ndi ku Meponda kumabwera usipa ndi utaka. Zimene mayi woyembekezera amafuna zili pafupi nafe.

Zakudya zimagwira ntchito zitatu m'thupi.

Zopatsa mphamvu: nsima, mbatata, kachewere, chinangwa, mpunga, mapira, ndi mafuta pang'ono.

Zomanga thupi: nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya, nsinjiro, mazira, usipa, nkhuku, ngumbi ndi mkaka wowiritsa.

Zoteteza ku matenda: bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada, mpiru, maungu, mango, mapapaya, magwafa, masuku ndi malambe.

Mayi woyembekezera adye za magulu onse atatu tsiku lililonse. Awonjezeponso chakudya chimodzi pa zimene amadya masiku onse. Ngati banja limadya kawiri, iye adye katatu. Ngati akuchita nseru, adye pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Pa miyezi isanu ndi inayi mayi wathanzi amalemera ndi makilogalamu 10 kapena 12. Mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 ndi wochepa, ndipo amagwidwa matenda msanga.

Nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera, chifukwa pokonola ndi poviika timataya mbali yabwino ya chimanga. Usipa wodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe umalimbitsa mafupa a mayi ndi a mwana. Masamba tisawaphike nthawi yaitali, ndipo tisathiremo soda kapena chidulo tsiku ndi tsiku, pakuti zimenezi zimapha mavitamini ena. Tithiremo nsinjiro kapena mafuta pang'ono. Nthawi ya dzinja, masamba akachuluka, tifutse mfutso ndi kuuyanika pamthunzi kuti utithandize m'chilimwe.

Mbatata yofiira mkati ili ndi vitamini A wambiri. Vitamini ameneyu amathandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda. Mu 2011 dziko la Mozambique linatulutsa mitundu 15 ya mbatata imeneyi yopirira chilala, monga Irene, Delvia ndi Sumaia. Mu 2016 mayi Maria Andrade, amene anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri m'dziko lathu, analandira pamodzi ndi anzake mphoto yaikulu ya dziko lonse pa nkhani ya chakudya. Funsani mlangizi wa zaulimi kumene mungapeze mbewu yake.

Ena amati mayi wapakati akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Zimenezi si zoona. Dzira lophika bwino ndi chakudya chomanga thupi la mwana. Ena amati mayi adye pang'ono kuti mwana achepe, asadzavute pobadwa. Zimenezinso si zoona. Mayi wanjala amafooka pobereka, ndipo mwana wake amabadwa wopanda mphamvu.

Gawo 2. Kulima mwachilengedwe

M'mizinda ikuluikulu monga Maputo muli masitolo amene amagulitsa masamba olimidwa popanda feteleza ndi mankhwala opopera. Pa zakudya zotere amalembapo mawu akuti orgânico, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Anthu olemera amalipira ndalama zambiri kuti apeze chimene ife tingalime kuseri kwa nyumba.

Tinene zoona pano. Chimanga cholimidwa ndi feteleza si poizoni. Mayi woyembekezera angadye nsima yake popanda mantha. Choopsa ndi mankhwala ophera tizilombo akagwiritsidwa ntchito molakwika. Ubwino wa dimba lathulathu ndi wakuti timadziwa chimene tathiramo ndi tsiku limene tathira. Manyowa sagulidwa, ndipo amasunga chinyontho m'nthaka.

Kapangidwe ka manyowa a kompositi ndi aka:

1. Kumbani dzenje pamthunzi, lotalika mita imodzi ndi lotambalala mita imodzi.
2. Pansi yalani mapesi oduladula ndi udzu wouma.
3. Pamwamba pake ikani masamba aawisi ndi makoko a nyemba.
4. Thirani ndowe za mbuzi, za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku.
5. Wazani phulusa ndi dothi pang'ono, ndipo thirirani madzi.
6. Bwerezani chomwecho mpaka dzenje litadzaza, kenaka vundikirani ndi udzu.
7. Tembenuzani pakapita milungu itatu kapena inayi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala atapsa. Amada bii ndipo amanunkhira ngati dothi la m'nkhalango.

Musathire ndowe zaziwisi pa masamba amene muthyole posachedwa. M'ndowe zaziwisi muli majeremusi ndi mazira a njoka za m'mimba. Kukumba ndi kutembenuza manyowa ndi ntchito ya bambo ndi ana akuluakulu, osati ya mayi wapakati.

Tizilombo tingatichepetse popanda kugula mankhwala. Yenderani dimba m'mawa uliwonse, tolani mbozi ndi manja ndi kuphwanya mazira ake. Wazani phulusa pa masamba. Nsabwe za masamba zimafa ndi madzi a sopo pang'ono. Sinthani mbewu chaka ndi chaka: pamene panali tomato bzalanipo nyemba. Bzalani anyezi pakati pa mpiru.

Masamba olimidwa mwachilengedwe nawonso amafunika kutsuka. Mu September 2022 kolera inabuka m'boma la Lago, ndipo inafalikira m'madera ena a Niassa. Matenda otere amayenda ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Tsukani masamba ndi zipatso ndi madzi abwino. Madzi akumwa awiritseni kapena athireni Certeza monga mwa malangizo a pa botolo.

Gawo 3. Mankhwala opopera

M'chigawo chathu alimi ambiri amalima fodya, ndipo cha ku Cuamba amalima thonje. Mbewu zimenezi zimadza ndi mankhwala amphamvu. Kuyambira 2017 kunafikanso mbozi yatsopano yoononga chimanga, ndipo opopera anachuluka. Mu 2014 boma la Mozambique linaletsa mankhwala ena oopsa kwambiri. Komabe ngakhale mankhwala ololedwa ndi poizoni. Anapangidwa kuti aphe.

Mankhwala amalowa m'thupi m'njira zitatu: pakamwa, pamphuno ndi pakhungu. Akalowa m'magazi a mayi angathe kumfika mwana. Miyezi itatu yoyamba ndiyo yofunika kusamala koposa, chifukwa ndi pamene mtima, ubongo, manja ndi miyendo ya mwana zimaumbika. Nthawi imeneyo mimba siinayambe kuoneka, ndipo amayi ambiri amagwirabe ntchito zonse.

Kumbukirani malamulo awa:

1. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asasungunule mankhwala, asapopere, ndipo asachape zovala za wopopera.
2. Asalowe m'munda umene wangopoperedwa kumene.
3. Mankhwala a thonje ndi a fodya asapoperedwe pa tomato, kabichi kapena mpiru.
4. Pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole. Werengani masikuwo ndi kuwasunga. Musathyole lero zimene mwapopera dzulo.
5. Botolo lokhala ndi mzere wofiira ndi chithunzi cha chigaza ndi loopsa koposa.
6. Musasunge mankhwala m'chipinda chogona kapena pafupi ndi ufa. Musawathire m'botolo la zakumwa.
7. Chigubu chimene munali mankhwala musatungiremo madzi, musaikemo mchere kapena mafuta, ngakhale mutachitsuka kangati.
8. Mbewu yogula yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ndi yobzala basi. Musagayitse, ngakhale kutakhala njala.

Posunga chimanga ku anankafumbwe, thirani mankhwala okhawo opangira ntchito imeneyo, ndiponso pa muyeso wake. Pali matumba ena okhala ndi mapulasitiki awiri mkati amene salowa mpweya. Anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Chimangacho chikhale chouma bwino musanachitsekere.

Pamsika khalani maso. Tomato wokhala ndi ufa woyera kapena wobiriwira pakhungu mtsukeni kwambiri. Kabichi muchotse masamba akunja. Ogulitsa ena osaganiza amawaza mankhwala pa nsomba zouma kuti zisafumbwe. Nunkhizani musanagule. Nsomba inunkhe nsomba.

Munthu akamva mutu, chizungulire, kusanza, kutuluka dovu ndi thukuta lambiri atagwira mankhwala, mvuleni zovala, msambitseni ndi sopo, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Tengani botolo la mankhwalawo kuti anamwino aliwerenge.

Gawo 4. Si chachilengedwe chilichonse chimene chili chabwino

Poizoni wina sachokera kusitolo. Amamera yekha m'nkhokwe mwathu.

Chuku. Chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaume zimachita chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni amene amaononga chiwindi. Poizoniyo safa ndi moto. Amatha kumfika mwana m'mimba ndiponso mu mkaka wa m'mawere. Mu 2004, ku Kenya, anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Yanikani chimanga ndi mtedza pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi. Musawaze madzi pa mtedza kuti usavute kuswa. Sankhani ndi kutaya njere zoola, zofota ndi zowawa. Ambiri amagulitsa mtedza wabwino ndi kusinja wotsalira kuti adye okha. Chizolowezi chimenechi tichisiye. Wabwinowo ndiwo wa mayi ndi ana.

Ufa wonyowa. Mu January 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa masese pamaliro. Poyamba anthu anaganiza kuti wina anathiramo poizoni. Akatswiri atayeza anapeza kuti poizoniyo anachokera kwa tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinamera mu ufa wa chimanga wonyowa ndi madzi osefukira. Ufa umene unanyowa nkuyamba kuola sitiphikira nsima, thobwa kapena mowa. Timataya.

Chinangwa chowawa. Anzathu a m'mbali mwa nyanja, ku Metangula ndi ku Cóbuè, amadalira chinangwa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha tikachikonza bwino. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula, kunagwa chilala. Anthu anadya chinangwa chowawa chosakonzeka chifukwa cha njala, ndipo oposa 1,000 anauma miyendo mwadzidzidzi. Kumeneko nthendayi anaitcha mantakassa, ndipo madokotala amaitcha konzo. Imagwira makamaka ana ndi amayi a msinkhu wobereka, ndipo miyendo ikauma sibwereranso. Sendani chinangwa, chiviikeni m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, ndipo chiyanikeni chiume gwa. Ngati mukukayika ufa wogula, usakanizeni ndi madzi, uyaleni mopyapyala m'lichero, ndipo usiyeni maola asanu pamthunzi kapena maola awiri padzuwa musanaphike. Chigwada chisinjeni ndi kuchiwiritsa bwino mphika uli wosavundikira.

Dothi. Amayi ena apakati amalakalaka dothi la pachulu kapena logulitsidwa pamsika. Kawirikawiri chimenechi ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi. Dothi limadzetsa njoka za m'mimba, ndipo limatsekereza chakudya kulowa bwino m'magazi. Auzeni anamwino za chilakolakocho.

Zitsamba zofulumizitsa kubereka. Zimenezi zingachititse chiberekero kukoka mwamphamvu mpaka kung'ambika. Mayi ndi mwana angafe tsiku limodzi. Musamwe mankhwala aliwonse, achikuda kapena a pamsika, osafunsa kuchipatala.

Gawo 5. Tiwerenge zolembedwa pa paketi

Pamsika wa Lichinga ndi m'timaokala ta m'midzi mwadzaza zakudya za m'mapaketi: mabisiketi, tchipisi, maswiti, ufa wosungunula kukhala chakumwa, zakumwa za m'mabotolo ndi caldo wothira m'ndiwo. Zimakoma, zimaoneka bwino ndipo sizivuta kukonza. Koma chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Pa paketi pajambulidwa lalanje, koma mkati mulibe lalanje. Muli shuga, utoto ndi fungo lopanga.

Kale tinali kugula ndi maso okha. Tsopano tikudziwa kuwerenga. Zolembedwa pa paketi zili m'Chipwitikizi. Tiyeni tiphunzire mawu awa:

ingredientes: zimene zili mkati
açúcar: shuga
sal: mchere
corante: utoto
aroma kapena aromatizante: fungo lothira
conservante: mankhwala oletsa kuola
edulcorante: chotsekemera cholowa m'malo mwa shuga
validade: tsiku limene chakudyacho chithere ntchito

Chinthu chimene chalembedwa poyamba pa mndandanda ndicho chochuluka koposa. Ngati mawu oyamba ndi açúcar, ndiye kuti mukugula shuga. Nthawi zina mudzaona chilembo E ndi nambala. Kuyambira E100 mpaka E199 ndi utoto. Kuyambira E200 mpaka E299 ndi mankhwala oletsa kuola.

Zothira zimenezi zimaloledwa pa muyeso wochepa, ndipo kulawa kamodzi sikupha munthu. Vuto lake ndi ili: sizimanga thupi la mwana. Zimadzaza mimba ndi kutha ndalama zimene zikanagula mazira, usipa kapena nthochi. Mayi amakhuta koma mwana ali ndi njala.

Shuga. M'chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera, cha mamililita 330, muli shuga wokwana pafupifupi masipuni aang'ono 8. Shuga wambiri amaononga mano ndipo ndi woipa kwa mayi amene ali ndi matenda a shuga a pa mimba. Zakumwa zimene amati ndi zopatsa mphamvu zili ndi kafeini wambiri, ndipo mayi wapakati azipewe. Khofi ndi tiyi achepetse. Ludzu likamgwira amwe madzi abwino, thobwa losasasa lophikidwa mwaukhondo, kapena madzi a malambe ndi a bwemba.

Mchere. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku. Ameneyo ndi sipuni yaing'ono imodzi yosadzaza. Mbali yaikulu ya caldo ndi mchere. Tikathira caldo ndi kuthiranso mchere, tapyola muyeso. Tomato, anyezi, adyo ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo mokwanira.

Nyama za m'mapaketi. Soseji ndi poloni zili ndi mchere wambiri ndi mankhwala oletsa kuola. Zikasungidwa moipa zimakhala ndi majeremusi amene amapha mwana m'mimba. Mu 2017 ndi 2018, ku South Africa, anthu oposa 1,000 anadwala chifukwa cha poloni, ndipo oposa 200 anamwalira. Pakati pawo panali makanda ambiri. Mayi woyembekezera asadye nyama yotere yosaphika. Nyama iliyonse, nsomba ndi mazira zipse bwino. Mkaka wokama uwiritsidwe.

Musagule chitini chotupa kapena chadzimbiri, paketi yobooka, kapena chakudya chimene tsiku lake linapita. Samalaninso ndi zakumwa zautoto zomangidwa m'timapepala tapulasitiki zopanda cholembedwa chilichonse. Simudziwa madzi amene anapangira.

Mowa ndi fodya. Palibe muyeso wa mowa umene uli wabwino kwa mayi woyembekezera. Kachasu, kabanga, masese ndi mowa wa m'mabotolo zonse zimamfika mwana ndi kuononga ubongo wake mpaka kalekale. Fodya wosuta ndi wofwenkha amachepetsa mwana. Bambo amene amasuta asutire panja.

Gawo 6. Zothira zimene zili zabwino

Si zonse zothira m'chakudya zimene zili zoipa. Zina boma linalamula kuti zithiridwe pofuna kutiteteza.

Choyamba ndi ayodini wa mu mchere. Nthaka ya kumapiri, kutali ndi nyanja yamchere, ili ndi ayodini wochepa. Ndi chifukwa chake kuno ku Niassa tinazolowera kuona anthu otupa pakhosi, nthenda ya chithokomiro. Mayi akasowa ayodini angapite padera, kapena mwana angabadwe wovutika kumva, kulankhula ndi kuphunzira. Pogula mchere funani mawu akuti sal iodado. Usungeni m'botolo lotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi.

Chachiwiri ndi mavitamini. Mu 2016 boma la Mozambique linalamula kuti mafakitale azithira mavitamini ndi michere yofunika mu ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, mafuta ophikira ndi shuga. Pa paketi yotere pamalembedwa mawu akuti fortificado. Pogula mafuta, sankhani amene ali ndi mawu amenewa. Koma musachulukitse shuga chifukwa chakuti muli vitamini.

Taonani tsono. Corante amakongoletsa chabe. Iodado amateteza ubongo wa mwana. Wodziwa kuwerenga amasiyanitsa ziwirizi.

Gawo 7. Kusikelo

Chakudya chabwino sichilowa m'malo mwa sikelo. Mayi ayambe sikelo akangozindikira kuti waima, miyezi itatu isanathe. Kuyambira 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire.

Kusikelo mayi amalandira mapiritsi owonjezera magazi, amene timawatcha sal ferroso. Amwe limodzi tsiku lililonse mpaka atabereka, ndi kupitiriza monga anamwino anenera. Chimbudzi chikada asaope, ndi mmene mapiritsiwo amachitira. Akamamva nseru amwe atadya kapena pogona. Asamwere tiyi, chifukwa tiyi amatsekereza mankhwalawo. Chipatso monga gwafa kapena lalanje chimawathandiza kulowa bwino m'magazi. Mapiritsi amenewa sakulitsa mwana mopyola muyeso. Amateteza mayi kuti asafe akataya magazi pobereka.

Amalandiranso Fansidar woteteza malungo miyezi itatu yoyamba ikatha, mankhwala a njoka za m'mimba, katemera wa kafumbata ndi masikito. Amayezedwa magazi, kuthamanga kwa magazi ndi kulemera kwake.

Thamangirani kuchipatala usiku kapena usana mukaona izi: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kukomoka, madzi kutuluka nthawi isanakwane, kapena mwana kusiya kugunda. Amene ali kutali apite msanga kukadikirira ku nyumba ya amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala. Matenda akakula, chipatala chaching'ono chimatumiza mayi ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Lichinga.

Gawo 8. Ntchito ya banja ndi mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Bambo asagulitse nyemba zonse ndi mtedza wonse nthawi yokolola. Asunge za mayi ndi ana. Mazira ena asapite kumsika. Pogawa ndiwo, mayi wapakati asakhale womalizira kudya. Bambo amthandize kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kulima, ndipo amperekeze kusikelo. Apongozi ndi agogo aphunzitse atsikana masamba akale monga chisoso ndi luni, ndi kafutsidwe kake. Kalasi lathu lingathe kulima dimba limodzi la onse, ndi kugawira amayi oyembekezera a m'mudzi mwathu masamba ndi mbewu ya mbatata yofiira.

Mawu oti tiwerenge mokweza

mwa-na, ma-yi, mu-nda, di-mba, ma-nyo-wa, nye-mba, mte-dza, u-si-pa, mche-re, chu-ku, si-ke-lo

Lembani ziganizo izi m'makope mwanu

Mayi akadya bwino, mwana amakula bwino.
Mayi wapakati sapopera mankhwala.
Mtedza wachuku timataya.
Ndimawerenga paketi ndisanagule.

Mafunso

1. Tchulani magulu atatu a zakudya, ndi zakudya ziwiri za gulu lililonse zimene zimapezeka m'mudzi mwanu.
2. Kodi mankhwala opopera amalowa m'thupi m'njira ziti?
3. Chifukwa chiyani miyezi itatu yoyamba ili yofunika kusamala koposa?
4. Kodi chinapha anthu ku Chitima mu 2015 nchiyani?
5. Chinangwa chowawa timachiviika masiku angati?
6. Kodi corante ndi iodado zikusiyana bwanji?
7. Tchulani zizindikiro zitatu zofunika kuthamangira nazo kuchipatala.

Masamu

1. Mayi amamwa piritsi limodzi pa tsiku. Mwezi uli ndi masiku 30. Adzamwa mapiritsi angati pa miyezi 6?
2. M'chitini chimodzi muli masipuni 8 a shuga. Munthu akamwa chitini chimodzi tsiku lililonse, wamwa masipuni angati pa masiku 7?
3. Tiyerekeze kuti chakumwa chimodzi ndi mametikali 40 ndipo dzira limodzi ndi mametikali 10. Ndalama ya zakumwa 3 ingagule mazira angati?
4. Mlimi wapopera tomato pa 4 June. Pa botolo palembedwa kuti adikire masiku 14. Adzayamba kuthyola pa tsiku liti?

Tikambirane

Mayi wina ali ndi pakati pa miyezi iwiri. Mwamuna wake wapita kuganyu, ndipo mbozi zalowa m'chimanga. Apongozi akuti: "Mimba siinaoneke, tengani mpope mukapopere." Kodi mayiyu ayankhe bwanji mwaulemu? Nanga anansi angathandize bwanji kuti chimanga chipulumuke ndi mwananso atetezeke?

Kodi m'mudzi mwathu muli zakudya ziti zimene amayi apakati amaletsedwa? Ndi ziti mwa zimenezo zimene taona lero kuti nzofunika m'thupi?

Ntchito ya kunyumba

Bwerani ndi paketi imodzi yopanda kanthu ya chakudya chimene banja lanu linagula sabata ino. Tidzawerenga pamodzi zimene zalembedwapo. Yang'ananinso mchere wa kunyumba kwanu ngati pali mawu akuti sal iodado. Werengerani phunziro lino mayi mmodzi woyembekezera amene sanayambe kubwera ku kalasi lathu, ndipo mudzabwere naye sabata ya mawa.